Manori wa m'Makalata

Matara, 24 Novembala 1997

Mwana wanga Tharangi,

Landira moni wochokera kwa ine ndi abambo ako. Kuno tili bwino, kungoti mvula yatikhalira pakhomo sabata yonse ndipo zovala zikununkha chinyezi. Kaya iwe uko ku Melbourne? Chifuwa chija chinatha? Usamangolemba kuti "ndili bwino", mawu awiri amenewo sakhutitsa mayi.

Kalata yako ndaiwerenga katatu, kachitatuko mokweza kuti abambo ako amve, poti iwo amanamizira kuwerenga nyuzi chonsecho makutu ali kuno. Tasangalala kuti mayeso a chaka choyamba cha unamwino atha. Koma chimene chandikhazika mtima pansi ndi mnzako Manori. Ukukumbukira makalata ako a mu Juni, nthawi ya chisanu ija? Unkalemba kuti umatha masiku anayi osatsegula pakamwa, kuti umadyera pabedi utayang'ana khoma. Ine ndinkalira mpaka kupsereza mpunga. Abambo ako ananena poyera kuti ngati zinthu sizisintha ubwerere kwanu, sukuluyo ikhale. Ndiye kunangotulukira Manori, mwana wa kwathu kuno, wa ku Kandy, wa tsitsi lofika m'chiuno, wophunzira udokotala, wosajomba kukachisi. Ndikamva zoti amakuphikira mphodza ukadwala, ndimaona ngati ndinabereka ana aakazi atatu.

Tsopano tamva. Azakhali ako a Swarna atilembera kuchokera ku Dandenong. Akudandaula kuti muli mumzinda umodzi koma Manoriyo sanamuonepo ndi diso lomwe. Akati ubwere naye Lamlungu, iwe umati ali ndi mayeso. Lamlungu linalo akuti wadwala dzino. Abambo ako ukuwadziwa, zaka makumi atatu akuyang'anira siteshoni, sakhulupirira kuti sitima yafika mpaka ataiona. Akuti za chaka chachiwiri adzagamula mlongo wawo akadzawauza kuti mnzakoyo wamuona ndipo sukukhala wekhawekha. Chonde, mutengere kumeneko akangomwa tiyi.

Chinanso, koma usaonetse kuti wachimva kwa ine. Msuweni wako Nalin wakwanitsa zaka makumi atatu ndipo azakhali ako sakugona tulo. Akufuna tsiku ndi ola limene Manori anabadwa, akapatse wowerenga nyenyezi aone ngati zikugwirizana ndi za Nalin. Ufunse mwanzeru, ngati mukungocheza.

Ndine mayi ako,
Irangani


Footscray, 7 Disembala 1997

Achemwali anga a Ruwanthi,

Muli bwanji ku Galle, inu ndi alamu? Kalata iyi mukawerengere kubafa, mukatha muing'ambe. Mukangoionetsa amayi, ine ndiwauza amene anaswa galasi la kabati chaka chija, ndipo sanali mphaka.

Manori kulibe. Sanakhalepo n'komwe. Ndinamupeka mu Julayi, tsiku limene inafika kalata ya abambo yonena zobwerera. Dzinalo ndinaliona pa chikwangwani cha sitolo yogulitsa tsabola ndi mpunga. Poyamba unali mzere umodzi wokha, woti ndapeza mnzanga. Koma amayi mukuwadziwa, funso lawo limabereka linzake. Kwawo n'kuti? Ndinati ku Kandy, chifukwa kulibe wachibale wathu woti n'kukafufuza. Akuphunzira chiyani? Ndinati udokotala, poti ndinali nditayamba kale. Pofika mu Okutobala mtsikanayu anali ndi bambo wophunzitsa masamu, mlongo ku Canada ndi dzino lovutitsa. Wandiposa pa chilichonse, achemwali, moti nthawi zina ndimamuchitira nsanje. Lero akufuna kumukwatitsa kwa Nalin. Iye amene kulibe wapeza mwamuna, ine amene ndilipo sindinapeze ngakhale woti n'kumwa naye tiyi.

Musaseke kwambiri. Zoona zake ndikadali ndekha. Kusukulu anzanga ndi anthu abwino, timapatsana moni, koma phunziro likangotha aliyense amalowa m'galimoto yake, ine n'kumasaka m'chikwama ngati ndataya kanthu. Sindidziwa poyambira. Komabe kubwerera sindikufuna. Ntchitoyi ndaikonda. Sabata yatha ndinasambitsa agogo ena a Chigiriki, sitinamvane liwu ndi limodzi lomwe, koma anandigwira dzanja mpaka sitima inandisiya. Ndikabwerera ndikakhala pakhonde kudikira amayi andipezere mwamuna.

Azakhali akufuna tonse awiri tikachezere kwawo patchuthi chino. Ndiye tamvani nzeru za mng'ono wanu. Kukachisi ndinaona chidziwitso cha m'bindikiro wa achinyamata, kunyumba ya amonke ina yam'nkhalango, kuyambira pa 4 mpaka pa 11 Januwale. Kulibe lamya, alendo saloledwa, ndipo chokoma kwambiri n'chakuti sikulankhulidwa. Kwa ine kusalankhula si chilango ayi, ndakhala ndikukonzekera chaka chonse. Ndalembetsa. Azakhali ndawauza kuti tikupita awiri, ndipo kuti pakadali pano Manori ali ku Sydney kwa amalume ake. Ndikabwerako ndimusamutsira ku Perth, kapena ndimukwatitsa ndekha kwa munthu wa kutali.

Mundilembere za kumeneko, makamaka ngati abambo akuoneka kuti akukayikira.

Mng'ono wanu,
Tharangi


Dandenong, 16 Disembala 1997

Alamu anga a Irangani,

Moni kumeneko. Ife tili bwino, kupatula kutentha ndi miyendo yangayi. Achimwene ali bwanji? Muwauze kuti mlongo wawo sanagone pa ntchito imene anamupatsa.

Mwana wanu anabwera Lamlungu, yekha monga mwa nthawi zonse, n'kudya ngati mbalame. Akuti iye ndi Manori akupita ku m'bindikiro ndipo alendo saloledwa. Ananena zimenezi akumwetulira kwambiri, ndipo kumwetulira kumeneko ine sindinakukonde. Zaka makumi awiri ndili mu komiti ya chakudya kukachisi, andiuze ine za m'bindikiro? Lolemba ndinaimbira mayi wina wachizungu amene akulemba mayina. Zoona alendo saloledwa, koma tsiku lomaliza mabanja amabweretsa chakudya cha masana chopereka kwa amonke ndi anawo. Ndalembetsa pomwepo, mpunga wachikasu ndi mabiringanya a anthu makumi anayi. Ndinafunsanso ngati pa mndandanda pali Manori, mayiyo n'kuti saloledwa kuulula mayina a anthu. Dziko lino ndi zinsinsi zake!

Nalin ndi amene adzandiyendetse. Ndamugulira malaya atsopano a buluu ndipo ndamuuza akamete. Iye akuganiza kuti akukanyamula miphika basi. Tsiku lobadwa la mtsikanayo Tharangi akuti amaiwala kufunsa. Musavutike, ndikafunsa mwini wake.

Tharangi musamuuze, tikamudzidzimutse. Adzasangalala.

Ine mlamu wanu,
Swarna


Kunkhalango, Lachitatu, 7 Januwale 1998

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndikulemba nditabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Anatiletsa pakamwa, za cholembera sananene bwinobwino ndipo ine sindinafunse.

Tilipo makumi anayi, tonse m'zoyera: a kwathu, a ku Cambodia, a ku Vietnam, ndi azungu angapo. Tsiku lofika tinalonjeza malamulo asanu ndi atatu pamaso pa a Bhante, mmonke wamkulu wa pano. Lamulo lachinayi ndi losanama, ndipo ine ndinalitchula motsitsa mawu. Timadzuka kusanache, timakhala pansi kusinkhasinkha mpaka mawondo kulira, dzuwa likafika pamutu kudya kwatha mpaka mawa. Ntchentche zimatilowa m'mphuno koma kusapha ndi lamulo loyamba. M'mabulugamu muli mbalame zija zoseka ngati anthu, ndipo zimadikira tikhale chete kaye.

Ntchito yanga ndi kutsuka miphika, ndi mnyamata wina wamtali wa tsitsi lofiira, pakapu yake analemba Brendan. M'mawa uno kukhitchini ndinayang'ana pa bolodi la chakudya. Pa Lamlungu palembedwa kuti: Mayi Swarna a ku Dandenong, mpunga wachikasu. Ndinagwetsa chivundikiro, chinalira nkhalango yonse.

Koma sindinafe. M'holo, kutsogolo kwanga kumakhala mtsikana wa kwathu, dzina lake Dulanjali. Tsitsi lofika m'chiuno, amakhala chowongoka, ntchentche ikamutera sagwedezeka. Ndi Manori weniweni, ngati ndinachita kumuitanitsa. Ndipo Lamlungu kusalankhulaku kumatha belu likalira titatha kudya. Iye akangoima pafupi nane n'kumwetulira, azakhali adzimalizira okha, kenako ndimuthawitsa belu lisanalire. Palibe anganame, chifukwa palibe alankhule. Ndalemba kapepala, mawa ndikaika m'patapata yake pakhomo la holo.

Lachinayi

Achemwali, ndikanakonda njoka ikanandiluma.

Pakhomo la holo pali kabokosi. Amene ali ndi funso amalemba osaika dzina, ndipo nthawi ya faifi madzulo a Bhante amawerenga mokweza n'kuyankha. Ine ndinali ndi timapepala tiwiri m'thumba, topindidwa mofanana. Kena kanali ka Dulanjali, kena kanali funso langa loti mawondo akupweteka kwambiri, nditani. M'mawa ndinaika kena m'patapata muja, kena m'kabokosi, osatsegula. Masana Dulanjali anabwera ndi mtsamiro wake ndi mankhwala opaka, n'kundigwira paphewa ndi nkhope yachisoni. Ine ndinati basi, wavomera. Ndinamuthokoza ndi manja awiri.

Faifi itakwana, a Bhante anaika magalasi pamphuno, n'kutsegula kapepala kachitatu. Anawerenga pang'onopang'ono, ndi mawu omwe aja owerengera malemba:

"Mnzanga wa tsitsi lalitali, sukundidziwa. Ndine wa miphika, ndimakhala kumbuyo kwako. Ndinauza makolo anga kuti ndili ndi mnzanga dzina lake Manori, koma kulibe. Lamlungu kukubwera azakhali anga, amene mphuno yawo imaposa ya galu wa apolisi. Akapanda kuona Manori ndibwezedwa kwathu. Chonde udzangoima pafupi nane n'kumwetulira. Usadzalankhule, ndiye sikukhala kunama. Samala ndi mwana wawo Nalin, akumufunira mkazi."

Munaonapo anthu makumi anayi akuseka osaloledwa kutulutsa mawu? Mapewa okhaokha kunjenjemera. Mtsikana wina wa ku Cambodia analuma mpango wake. Brendan anadzuka mwaulemu, n'kugwadira a Bhante katatu, n'kutuluka, ndipo tinamumva akubangula kuseri kwa zimbudzi. Ine ndinkayang'ana mphasa kufuna pobowoka poti ndilowe.

A Bhante sanaseke. Anavula magalasi n'kuti, "Amene walemba izi akanakhala loya. Koma mwana wanga, bodza silikhala pa lilime pokha. Munthu amanama ndi kumwetulira komwe. Manori ine ndilibe, ndipo sindilola aliyense pano kukhala Manori." Anayang'ananso kapepalako. "Koma ndawerenga kawiri. Muno muli pempho linanso, loti wina aime pafupi naye. Limenelo palibe lamulo loletsa." Atatero anatsegula funso lina, la udzudzu.

Lachisanu

Ndinaganiza zothawa, koma basi imadutsa makilomita khumi ndi awiri kuchokera pano. M'mawa nditalowa m'holo ndinapeza wina waika mtsamiro wopanda munthu pafupi ndi wanga, atamatapo kapepala koti Manori. Mtsikana wa ku Cambodia uja podutsa anawerama pang'ono, monga timachitira podutsa munthu amene wakhala pansi. Pa chakudya panali mbale yachiwiri pafupi ndi yanga, ndi supuni yake. Brendan anaikamo mphodza ndi nkhope ya maliro, anadikira kaye, n'kuona kuti mwini wake alibe njala, n'kudya yekha. Dulanjali anali kuthamangitsira Manori ntchentche.

Ndinaseka mpaka mpunga kutuluka m'mphuno. Kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo sindinathe kusiya. Palibe anandifunsa kanthu, poti n'koletsedwa. Anangosendera pafupi, wina n'kutenga mbale yanga kukatsuka. Chaka chonse ndimaopa anthu chifukwa chosowa chonena, ndiye taonani kumene ndawapezera.

Za Lamlungu sindikudziwa. Ndikuopa kwambiri, achemwali. Kalata iyi idzafika zonse zitatha.

Tharangi


Dandenong, 12 Januwale 1998

Alamu,

Moni, ngati n'koyenera kupereka moni. Khalani pansi musanawerenge, ndipo achimwene akhale atadya kale.

Tinanyamuka m'mamawa, maola awiri pa msewu wa fumbi, ine nditakumbatira mphika pamiyendo. Titapereka chakudya kwa amonke, ana anafola ndi mbale zawo. Tharangi ndinamuona msanga, atayera nkhope ngati malaya ake. Koma sanali yekha. Anamuzungulira anthu khumi ndi mmodzi, ndinawerenga. Akasuntha iye, onse kusuntha. Ndinanong'oneza kuti, "Mwana iwe, Manori ndi uti?" Iye chete. Ndinafunsa mtsikana wa maso ang'onoang'ono, anangogwira manja pachifuwa. Ndinafika mpaka pa mzungu wamtali ngati mtengo wa magetsi, nayenso n'kugwira manja. Ndinati palibe kanthu, maso ndili nawo. Kumanja kwake kunali mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno, wofatsa, maso pansi. Ndinamuikira mabiringanya kawiri, n'kumuponda Nalin phazi kuti ayang'ane.

Atatha kudya belu linalira. Mwana wanu anabwera n'kugwada pamaso panga, anthu onse akuona, gulu lake lili kumbuyo. Mawu ake oyamba pa masiku asanu ndi awiri anali awa: "Azakhali, Manori kulibe. Ndinamupeka ndine. Pepani."

Ine ndinaloza wa tsitsi uja n'kuti, "Nanga uyu?"

Alamu, ndikanadziwa sindikanafunsa. Anatsegula pakamwa m'Chizungu: "Anti, mpunga wanuwu ndi wosayamba! Sabata yonse ndimalota nyama, ndikanadya ndi mphika womwe. Ine ndine Dula. Uyu ndiye Nalin wake uja? Aise, galimoto yakoyo ndaimva ili kuphiri, lamba wa injini akulira ngati mwana wa mbuzi. Ukafika nayo kwanu imeneyo?" Anabadwira konkuno, chilankhulo chathu amadziwa mawu atatu ndipo awiri ndi otukwana. Ntchito yake amakonza mabasi. Ndipo Nalin, chitsiru, anakatsegula boneti. Malaya atsopano aja ali ndi girisi mpaka m'khosi.

Ndinapita kwa a Bhante kukadandaula kuti ana akuphunzira chiyani kuno. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuti, "Mayi, mwanayu anabwera ndi mnzake mmodzi wabodza, akubwerera ndi enieni khumi ndi mmodzi. Ine ndikuona kuti sabata yayenda bwino. Mabiringanya atsalako?" Munthu ungayankhe chiyani kwa mmonke?

Tharangi ndinamuuza alowe m'galimoto. Anandipepesa kachiwiri, bwinobwino ndithu, koma anati analonjeza kale anzake. Anakwera chigalimoto chakutha cha Dula uja, atapanikizana asanu ndi anayi, akukuwa ngati atuluka m'ndende. Lero ndaimba katatu kumene amakhala, akuti sanabwere, ali kunyanja ndi anzake.

Munandituma kuti ndione ngati mnzakeyo alipo. Ndanena zimene ndaona. Watinamiza miyezi isanu ndi umodzi, inu, achimwene, ine, ndi wowerenga nyenyezi yemwe amene ndinali nditamuuza kale. Maganizo anga ndi oti abwerere kwanu asanaphunzire kukonza mabasi.

Swarna


Matara, 23 Januwale 1998

Tharangi,

Moni. Kalata ya azakhali ako yafika. Yako siinafike. Amayi ako sakulankhula za nkhaniyi, ndipo ukudziwa kuti amayi ako akapanda kulankhula zinthu sizili bwino.

Ndafunsa za ndege za kumapeto kwa Febuluwale, malo alipo. Ndidikira mpaka pa 15. Ndikufuna kumva kwa iwe, zonse, mwa dongosolo lake.

Bambo ako


Footscray, 3 Febuluwale 1998

Amayi ndi abambo,

Ndikupereka moni nditagwada. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Kalata iyi ndinaiyamba pa 13 Januwale. Yakhala m'chikwama changa milungu itatu, yapita nane kunyanja kawiri. Dzulo yafika ya abambo. Panopa Dula waima kumbuyo kwanga ndi makiyi m'manja, akuti, "Lemba iwe, ndikaponye ndekha. Ukachedwa ndilemba ine, ndipo mawu anga atatu aja ndiwaikamo onse." Ndiye ndikulemba.

Zimene anena azakhali ndi zoona. Manori ndinamupeka chifukwa ndinkaopa kubwezedwa, komanso chifukwa ndinkachita manyazi kuti mwana wanu, amene munamutumiza kutali chonchi, walephera chinthu chimene mwana wa sitandade wani amachitha pa tsiku loyamba. Mphodza zija ndinkaphika ndekha. Nditadwala mu Ogasiti panalibe munthu. Ndinkalemba za Manori n'kumamva bwino kanthawi, kalata ikangopita chipinda n'kukhala chete kuposa kale. Amayi, chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti munamukonda.

Sindikupemphani kuti mukhulupirire mawu anga, ndawawononga ndekha. Ndingonena zimene munthu angathe kufufuza. Lachitatu lililonse timakumana kukachisi, timakhala chete theka la ola, kenako timakadya kwa makolo a Sreymom, mtsikana wa ku Cambodia, amene ali ndi malo ophikira buledi ku Springvale. Bambo ake amanditcha Wa Miphika. Loweruka tinathandiza Brendan, mzungu wa tsitsi lofiira, kusamuka, ine ndinanyamula nyali imodzi n'kudya kwambiri. Sabata yatha ndinatentha thupi, ndipo anthu anayi anabwera ndi supu zinayi zosiyana, n'kumakangana m'chipinda changa kuti ndiyambe iti. Azakhali akhoza kubwera Lachitatu lililonse adzaone. Nalin amabwera kale, akuti lamba uja sanakhale bwino.

Abambo, sukulu itsegulidwa pa 2 Malichi. Ndikufuna kumaliza. Mukati ndibwere ndibwera, sindidzakangana nanu. Koma ulendo uno ndikachoka kuno pali anthu amene adzandiperekeze kubwalo la ndege, ndipo zimenezo zindipweteka kuposa chisanu chija.

Mwana wanu,
Tharangi


Matara, 14 Febuluwale 1998

Tharangi,

Moni. Tili bwino. Kalata yako inafika dzulo, kutatsala masiku awiri. Ukanachedwa pang'ono ukanadzaiwerengera wekha pakhonde pano.

Ndakwiya, usaganize kuti zatha. Masiku atatu oyamba nditamva ndinkangopezeka ndikuganiza kuti kaya dzino la Manori lili bwanji, kenako n'kukumbuka, n'kupsa mtima kachiwiri. Mkulu wako Ruwanthi anabwera Lamlungu, ndipo nditamuuza anadabwa mochedwa kwambiri, ndiye nayenso ndili naye nkhani. Koma chimene sindikukhululukira msanga si bodzalo ayi. Ndi Ogasiti uja. Unadwala wekha, ine kuno ndikugona tulo tabwino chifukwa ndimati pali wokuyang'anira. Usadzandiberenso nkhawa yanga, mwana iwe. Ndi yanga, ndine mayi.

Abambo ako anawerenga ali chiimire. Atamaliza anapinda kalatayo, anavala nsapato, n'kupita kwa munthu wa matikiti uja kukamuuza kuti malowo apatse ena. Atabwerako anangoti, "Supu zinayi. Nanga anayamba iti?" Ndiye uyankhe funso limenelo. Utsale, umalize sukulu yako. Azakhali ako ukawapepese kachitatu, upite ndi maluwa. Za Nalin ndi lamba wakeyo usawauze kanthu, adzaona okha, maso akuti ali nawo.

Pali chinthu chimene sindinakuuzepo. Mwezi uliwonse ukakhala wathunthu, ndikapita kukachisi ndimayatsa nyali za ana anga, kutchula dzina lililonse. Kuyambira Ogasiti ndakhala ndikuyatsa zitatu, yako, ya Ruwanthi ndi ya Manori, kuti akhoze mayeso ndiponso kuti asatope nawe. Ndinafunsa amonke athu kuti nanga madalitso a nyali yachitatuyo ankapita kuti miyezi yonseyi. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti ndisadandaule, zikuoneka kuti anafika.

Mwezi wamawa ndipitanso, ndipo ndagula kale tinyali tadothi tokwanira. Unditumizire mayina a anzako onse khumi ndi mmodzi, m'zilembo zazikulu kuti ndithe kutchula, ndi wokonza mabasi yemwe, ndi wa tsitsi lofiirayo. Koma ulembe okhawo amene alipo.

Mayi ako